Kachidutswa ka Dona Basha

Ku Katondo, m'tawuni ya Kabwe, mukafunsa nyumba ya a Felistas Sakala, anthu amakanda mutu. Koma mukafunsa kumene amaphika mukule, ngakhale woledzera amakulozerani bwinobwino: mudutse msika, mukhotere pa mpope, geti la malata limene silitsekeka. Mukule ndi maluko a tsitsi aja atsikana amapita nawo kusukulu, koma ku Katondo ndi dzinanso la buledi wa a Felistas, chifukwa nayenso ndi woluka. Zimakhala zingwe zitatu za fulawa wokanda, zopiringizana, pamwamba popaka dzira mpaka kunyezimira. Amaphikidwa Lachisanu lokha. Mukabwera Lachinayi mubwerera chimanjamanja, mutalandiranso mawu aulere okhudza anthu osadziwa masiku.

A Felistas ndi mayi wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi, ndipo imvi anasiya kalekale kuzibisa. Anabadwira mu Kabwe momwemo, tawuniyi ikutchedwabe Broken Hill. Bambo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Amuna awo, malemu a Evaristo, analinso a njanji, ndipo ndiwo anawamangira uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, wokhala ndi chitseko chachitsulo cholemera chimene munthu waulemu safunsa kumene chinachokera. Uvuni umenewo waphunzitsa ana onse a pakhomopo. Buledi wake wadyedwa pa maliro, pa maukwati, pa ubatizo. Loweruka amakwera minibasi ya ku Mukobeko m'zikwama za amayi okaona amuna awo kundende, ndipo akazi a olondera ndendeyo amagulanso yemweyo, motero womangidwa ndi womulondera amamwera tiyi chinthu chimodzi. A Felistas akaikumbukira nkhani imeneyi amaseka mpaka kutsokomola.

Koma bulediyu sanachokere ku Katete. Ku Katete kunalibe munthu woluka chakudya.

Mayi awo a Felistas, a Nora, ankagwira ntchito m'khitchini ya mzungu wina amene azungu anzake sankamuwerengera kwenikweni. Dzina lake linali Basha Melnik, Myuda wochokera ku dziko lozizira lotchedwa Lithuania. Iye ndi mwamuna wake anatsika sitima nkhondo yaikulu ija isanayambe, natsegula kasitolo pafupi ndi siteshoni, momwe munali sopo, nsalu, misomali, makasu ndi nsapato za mphira. Masiku amenewo m'masitolo ambiri munthu wakuda ankagulira pa windo, koma kwa a Melnik ankalowa mpaka mkati n'kuigwira nsaluyo ndi manja ake asanaigule. Anthu ankamutcha Dona Basha. Chingelezi chake chinali chothyoka, Chibemba chake chothyokeratu, ndipo iye ndi a Nora ankamvana ndi manja komanso pokalipirana. Ankakondana ndithu, ngakhale onse awiri akanakana mukanawafunsa.

Lachisanu lililonse Felistas, ali kamtsikana, ankakhala pa sitepe ya khitchini n'kumaonerera. Fulawa, mazira, mafuta ophikira, shuga pang'ono, mchere, yisiti. Mkaka ayi, majarini ayi. Fulawa ukafufuma, asanayambe kuluka, Dona Basha ankatsina kachidutswa kakang'ono ngati suku, n'kunong'ona mawu a kwawo, n'kukaponya pa moto. Ankadikira kade bii, ndiye n'kuyamba kuluka.

A Nora anafunsapo kamodzi tanthauzo lake. Dona Basha anayankha ndi manja ambiri ndi mawu ochepa, ndipo a Nora anamva zimene mutu wawo unali wokonzeka kumva. Ankadziwa kale kuti nkhondo itatha, mayi uja analandira uthenga woti kwawo sikunatsale munthu. Mayi ake, azichemwali ake, ana awo, mudzi wonse, anaphedwa chifukwa chokhala Ayuda, ndipo panalibe ngakhale manda oti munthu n'kukasesapo. Kwa mayi wa ku Katete nkhaniyo inali yosavuta. Munthu wopanda manda a abale ake ayenera kupeza pena powapatsira chakudya. Kachidutswa kaja n'ka abale ake.

Mwamuna uja atamwalira, Dona Basha sanachoke. Ufulu utabwera, azungu ambiri akumanga katundu, iye anati wasamuka kokwanira. Anakalambira mu Kabwe, wopanda mwana, manja ake atatopa a Nora ndiwo ankakanda. Atamwalira kunabwera amuna angapo a tizipewa kuchokera ku Lusaka ndi ku Ndola kudzamuika, n'kubwerera tsiku lomwelo. A Nora anatsala ndi beseni, mathireyi ndi buledi ali m'manja. Anayamba kugulitsa kwa anthu a njanji ndi a ku mgodi, ndipo kachidutswa kaja sanakasiye.

"Mayi uja analibe wina," ankatero pouza mwana wawo. "Tikaleka ife, ndiye kuti atheratu onse."

A Felistas anatenga mawu amenewo pamodzi ndi beseni. Kasitolo kaja lero muli achinyamata ogulitsa mafoni, ndipo dzina la Melnik linafufutidwa ndi penti kambirimbiri. Koma kuseri kwa nyumba ina ku Katondo, Lachisanu lililonse, mayi wachikatolika wosaphonya Misa ankatsina kachidutswa n'kuponya pa makala. Mawu onong'ona aja sankawadziwa, choncho ankangoti, "Landirani," basi.

Chaka chathachi nyamakazi inawagwira zala. Zinayamba kukhota ngati mizu ya chinangwa, ndipo kukanda kunasanduka chilango. Mwayi wake, mwana wawo wotsiriza, Petson, amakhala pakhomo pomwepo ndi mkazi wake Tionge. Tionge ndi mwana wa m'tawuni, bambo ake a ku Lundazi, mayi ake a ku Mpika, ndipo pakamwa pake zilankhulo zitatu zimatuluka nthawi imodzi. Ntchito yake inali yoluka tsitsi mu saluni. Tsiku loyamba kugwira zingwe za fulawa analuka mofulumira ndi mokongola kuposa mwini wake, zimene a Felistas anaziona koma sanazinene. Tionge amapemphera ku tchalitchi ina ya zokuzira mawu, komwe amaimba mpaka malata kunjenjemera. Zimenezo sizinawavutepo a Felistas. Mpongozi wawo ankawasisita zala ndi mafuta madzulo, ankawaseketsa ndi nkhani za mu saluni, ndipo iwo ankauza aliyense ku mphakati kuti Petson, ngakhale mutu wake ndi wa mpira, pokwatira anasankha ali maso.

Anagwirizana kuti Tionge atenge uvuni. Anaphunzira kuyeza fulawa ndi maso, kumva ndi chikhatho ngati madzi afunda mokwanira, kugawa makala kuti moto usapendekere mbali imodzi. Masabata onsewo kachidutswa ankatsina okha a Felistas, Tionge akuyang'ana kumbali. Kenako linafika Lachisanu limene anafuna kumusiyira zonse.

"Manje tsinani pang'ono, amake Chongo, muponye pa moto," anatero, akumuitana ndi dzina la mwana wake monga mwa ulemu.

Tionge anapukuta manja pa chitenje. "Mami, vonse nizachita. Kukanda nizakanda, kuluka nizaluka. Koma icho cha kuponya pa mulilo, awe, sorry."

"Chifukwa?"

"Ni altar ija, mami. Ku church banatiphunzisa. Vinthu va so munthu uyamba monga masobela chabe, manje wapeza ulikudyesa mizimu ya bene."

A Felistas anakweza mawu. "Imwe amake Chongo, ine nakalamba na kolona mu manja, lelo mukuti nili na altar kuseli kwa nyumba?"

Pofuna kumufewetsa mtima, anamufotokozera nkhani yonse: za Dona Basha, za uthenga uja, za anthu opanda manda. Anafotokoza bwino, mpaka iwo eni maso anadzaza misozi. Tionge anamvetsera mwaulemu, mutu uli pansi, ndipo a Felistas atamaliza anayankha motsitsa mawu.

"Mwaona, mami? Mwakamba mweka. Ni vakudya va banthu bakufa."

Apa m'pamene pakamwa pa a Felistas panathamanga kusiya mutu kumbuyo. "Ngati simutsina, uvuni wanga musaukhudze."

Tionge anatsuka manja, nalowa m'nyumba. Petson, amene anamva zonse ali pa khonde, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi munthu woti akaonane naye ku tawuni.

Tsiku limenelo a Felistas analuka okha, ndipo mukule anatuluka wopindika ngati wolukidwa mumdima. Lachisanu lotsatira anayesa kukanda, zala zinakana fulawa usanagwirane n'komwe. Anakhala pa mpando kuyang'ana beseni. Anthu anabwera pa geti ndi mapepala awo apulasitiki, nabwerera. Mayi wina wa ku Kasanda, amene anayenda pansi ulendo wonsewo, anafunsa ngati pagwa maliro.

Pakhomopo panalibe ndewu. Tionge ankawapatsa moni, kuwaphikira, kuwasisita zala monga kale, ndipo ubwino wakewo unkawapweteka kuposa mwano. A Felistas sanali okwiya kwenikweni, anali ndi mantha. Akaumirira, buledi athera m'manja mwawo opindikawo. Akagonja, ndiye kuti iwo, mwana wa a Nora, ndiwo atseke chitseko pa mayi amene analibe wina. Ankatembenuza nkhaniyo uku ndi uku, ndipo mbali zonse inkabaya.

Tsiku lina masana, atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akusankha nyemba, Tionge anabwera n'kugwada pambali pawo, foni ili m'manja.

"Mami, nikambe chilungamo. Nenze kusakila pa foni kuti nikulangizeni kuti ni altar. Manje onani vamene napeza."

A Felistas anapukuta magalasi. Pa foni panali khitchini yowala, ndi mayi wachitsikana wovala duku, mwana akumukoka siketi. Patsogolo pake panali beseni la fulawa wofufuma. Mayiyo anatsina kachidutswa, natseka maso, nanena mawu. A Felistas anagwira dzanja la Tionge mwamphamvu, nyamakazi ataiiwala. Tanthauzo la mawuwo sankalidziwa, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe kake anakazindikira nthawi yomweyo. Anakamva komaliza ali pa sitepe ya khitchini ija, miyendo yawo isanayambe kufika pansi.

"Bwezani," anatero. Tionge anabweza. Kenako anawaonetsa ina: gogo wonenepa, atsikana awiri akuseka, holo yodzaza amayi aliyense ndi beseni lake. Onse ankatsina.

"Aba ni bandani?"

"Bayuda, mami."

"Ba liti?"

"Ba manje manje. Iyi baika last week."

"Bali kuti?"

"Konse konse. Ku America, ku Israel, na ku Joni kwamene baliko."

A Felistas sikuti sankadziwa kuti Ayuda alipo. Ankawamva pa wailesi, ankawamva m'tchalitchi. Koma amenewo anali Ayuda a pa nkhani, ndipo sizinawabwererepo m'mutu kuti nawonso amakanda fulawa. Anthu a Dona Basha, otsina aja, a Felistas ankadziwa kuti anatha. Mayi ujatu anati onse.

"Si banasila?" anafunsa, mawu atachepa.

"Bambili banafa zoona, mami, monga mwamene munakambila. Koma baliko." Tionge anatsitsa chala pa foni n'kuwerenga pang'onopang'ono, akumasulira. Kachidutswako sikanali ka akufa ayi. Kanali gawo lopatulira Mulungu, limene kalekale linkaperekedwa kwa ansembe awo, ndipo masiku ano amaliwotcha kuti wina asalidye. Linali lamulo lawo lakale, la m'nyumba iliyonse yophika buledi wochuluka.

A Felistas anaphulika kuseka, nyemba n'kutayikira pansi. "Amayi anga ine! A Nora! Zaka zonsezi tilikudyetsa anthu osamva njala!" Kusekako kunasanduka kulira osadziwa kuti kwasinthira pati. Anamva ngati munthu amene wasenza ndowa kuchokera ku mpope wakutali, n'kupeza kuti kunyumba madzi abwera kale. Anapepukidwa, komanso pang'ono anakhumudwa, chifukwa munthu ukazolowera katundu khosi limamusowa.

Tionge anadikira mpaka atapukuta maso. "So si altar, mami. Nenze nalakwa, munikhululukile." Anazengereza, kenako anapitiriza. "Koma kutsina sinizatsina. Ni lamulo yao, na mapemphelo yao. Ine sindine Muyuda. Nikachita nizankhala monga navala uniform ya bene."

Mwanayu anadziwa pobaya. A Felistas ndi a bungwe la amayi la ku parishi, ndipo Katondo yense amakumbukira tsiku limene anabweza mayi wina pa khomo la tchalitchi chifukwa chovala chitenje cha bungwelo asanavekedwe. Anatola nyemba ziwiri zitatu pansi.

"Aba bonse ba mu foni," anafunsa patapita kanthawi, "alipo amene amuziba Dona Basha?"

"Awe mami, bangamuzibe bwanji?"

"Nanga Hinda? Nanga Rochel?"

"Ni bandani abo?"

Anali azichemwali ake a Dona Basha. Mayi uja ankawatchula akamaluka, chingwe ichi Hinda, ichi Rochel, chapakati iye mwini, pofuna kuti kamtsikana ka pa sitepe kasasokoneze kalukidwe. A Felistas anali asanauzepo munthu mayina amenewo, ngakhale a Evaristo, chifukwa palibe anafunsapo. Madzulo amenewo anawauza Tionge, pamodzi ndi zina zambiri: momwe Dona Basha ankayatsira makandulo awiri dzuwa likamalowa Lachisanu n'kuphimba maso ndi manja, momwe ankaopera abuluzi, momwe anaphunzitsira a Nora kusoka pa makina ndipo a Nora n'kumuphunzitsa kudya chiwawa, ndiwo ya masamba a maungu. Tionge ankafunsa mafunso ngati ali mu saluni, ofunika ndi osafunika omwe. Anafuna kudziwa ngakhale mtundu wa tsitsi lake. Nyemba zinaphikidwa mochedwa tsiku limenelo, ndipo Petson anadya osadandaula, poona kuti mphepo yasintha.

Lachisanu m'mawa a Felistas anatulutsa mpando wawo n'kuuika pafupi ndi uvuni. Tionge anakanda, naphimba beseni ndi nsalu, nayatsa makala. Fulawa unafufuma bwino kwambiri, mpaka kukankha nsalu. Atavundukula, onse awiri anayang'ana m'besenimo. Dzanja la a Felistas linanyamuka lokha pa miyendo. Analiona likupita, nalibweza, naligwira ndi linzake.

"Gawani patatu," anatero.

Tionge anagawa, nayamba kuluka. Milomo yake inkayenda pang'ono, ndipo a Felistas atatchera khutu anamva kuti akutchula mayina aja, chingwe ndi chingwe, mwina pofuna kusaiwala, mwina pofuna kuwasangalatsa. Sanamufunse. Mathireyi analowa, chitseko chachitsulo chinatsekedwa.

Apa m'pamene anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo. Moyo wawo wonse Lachisanu linkayamba ndi kafungo kakupserera, kenako fungo lokoma n'kubwera pambuyo. Lero lokomalo linabwera lokha. Linali labwino, linadzaza bwalo mpaka kudutsa geti, koma linabwera lokha. Analira poyera, osabisa nkhope, kulirira mayi awo ndi mayi wachilendo uja, amene anayenda dziko lonse kudzakalambira pafupi ndi siteshoni ya Kabwe.

Tionge anaima ndi nsalu m'manja, wasowa chochita. "Mami, ngati chamubabani maningi, next week mungatsine imwe. Ine nizayang'ana kumbali monga kale."

A Felistas anapukusa mutu, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Pa geti panamveka kale mawu a anthu, ndipo wina ankafunsa mokweza ngati lero kuli mukule.

"Iyayi, baliko bene bake otsina," anatero. "Imwe chepetsani malasha kumanzele uko, muzapseleza buledi wa banthu."